Buleki yakumbuyo ikutha msanga nthawi yamvula: vuto ndi mashu kapena njinga?

Funso: Ndine mlangizi wa zaulimi m'boma la Neno, ndipo ndimayendera njinga yamoto ya kuntchito, Yamaha AG200. Chiyambireni mvula mu Disembala ndasinthitsa kale mashu a buleki yakumbuyo kawiri, chonsecho akutsogolo akadali omwe aja. Sabata yatha nati yokungira buleki inafika kumapeto kwa ndodo yake, ndiye makanika anazula kamkono ka buleki n'kukasunthira mano awiri kumbuyo, buleki n'kuyambanso kugwira. Koma pano ikulira, ndipo ndikawoloka mtsinje imayamba yakana kugwira, kenako imagwira modzidzimutsa mpaka tayala kukwekwereka. Kodi akundigulitsa mashu achinyengo, kapena njingayi yakalamba? Mng'ono wanga ali ndi Honda CRF250L ya disiki kumbuyo, nayenso akudandaula kuti mapadi sakukhalitsa.

Yankho: Bambo mlangizi, ndiyambire pa kamkono kaja, chifukwa zina zonse zikhoza kudikira Loweruka koma ichi ayi. Njingayo musatsike nayo phiri mpaka dilamu, chitsulo chonga mphika chapakati pa wilo mmene muli buleki, itatsegulidwa ndiponso kamkono katabwerera pamalo pake.

Mkati mwa dilamu muli mashu awiri opindika. Mbali imodzi atsamira pa kachitsulo kosasuntha, mbali inayo atsamira pa kamu, kachitsulo kophwathalala kamene kali kunsonga kwa shafuti ya kamkono kaja. Mukaponda pedulo, ndodo imakoka kamkono, kamkono katembenuza kamu, ndipo kamu imakankhira mashu kukhoma la dilamu. Mukachotsa phazi, masipuling'i amabweza zonse. Mashu akamaperepeseka, kamu imayenera kutembenuka kwambiri kuti iwafikitse kukhoma, ndipo nati ija ntchito yake ndi kutolera mpata umenewo pang'onopang'ono. Nati ikafika kumapeto, ndiye kuti mkatimo chinachake chatha. Kusunthira kamkono pa mano ena sikubwezeretsa chimene chathacho, kumangoipatsa kamu mwayi wotembenuka kupyola pamene inayenera kulekezera. Tsiku lina mudzaponda mwamphamvu, kamu idzaima chopingasa pakati pa mashu, masipuling'i adzalephera kuibweza, ndipo wilo lidzauma, osazunguliranso, muli pa liwiro. Zikachitikira pachigwa mungogwa n'kudzuka ndi zilonda. Pa zitsikitsiki za ku Dambe, thumba la mbewu lili kumbuyo, ndi nkhani ina.

Makanika wanuyo sindikumunyoza. Anafuna kuti mukafike kunyumba tsiku limenelo, ndipo njira imeneyi ndi yofala m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Koma yang'anani kunsonga kwa shafuti ndi pa kamkono: pa njinga zambiri za Yamaha ndi Honda pali timadontho tiwiri tokhomedwa kufakitale, ndipo tiyenera kuyang'anizana. Pomwepo pamakhalanso kamuvi ndi kamzere pa mbale ya buleki, chivindikiro cha dilamu chimene mashu amakhalapo. Mukaponda pedulo mpaka pansi kamuviko n'kufika pa kamzere, mashu atha, osafunsanso munthu.

Tsopano n'chifukwa chiyani akumbuyo akutha pomwe akutsogolo ali chikhalire? Pa njinga zoyenda m'misewu yadothi zimatero ndithu, ndipo kawirikawiri si kuima kumene kumawadya. Walira mvula walira matope, ndipo inu alangizi ndi amene mumayamba kuilira. Dilamu si bokosi lomata: pakati pa habu, chitsulo chapakati pa wilo chomangirira masipoko, ndi mbale ya buleki pali mpata woti wilo lizizungulira momasuka. Mukalowa mu Lisungwi kapena m'kakhwawa kalikonse madzi n'kufika pa ekiselo, amalowera pamenepo ndi dothi lawo. Madziwo amatuluka kapena kuuma ndi kutentha, koma mchenga umatsala. Kuyambira pamenepo, mukaponda buleki mukukwecha chitsulo ndi mchenga monga amakwechera mphika kudambo, ndipo zimene zikuperepeseka ndi shu pamodzi ndi dilamu yomwe. Wilo lakutsogolo nalo limanyowa, koma limalowa m'madzi asanavunduke. Lakumbuyo limapeza matope atavundulidwa kale, limapalasa pofuna kutuluka, komanso limalandira zonse zimene lakutsogolo likuponya.

Kukana kugwira mukangotuluka m'madzi n'chifukwa choti pakati pa shu ndi dilamu pali madzi. Akamauma pamatsala phala la dothi ndi fumbi la mashu, lomata, ndipo ndi limene limachititsa kuti buleki igwire modzidzimutsa. Mankhwala ake ndi osavuta: mukangokwera kumtunda, yendani pang'onopang'ono pa giya yoyamba mutaponda pedulo mopepuka, mpaka mumve kuti yayamba kugwira monga mwa masiku onse. Chitani chimodzimodzi ndi yakutsogolo. Madzulo musaimike njinga dilamu ili yonyowa, chifukwa khoma lake ndi lachitsulo ndipo limachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Buleki imene imaluma m'mawa pochoka pakhomo nthawi zambiri ndi dzimbiri limenelo.

Koma pa zonse, chimene ndimakayikira kwambiri ndikamva kuti mashu atha kawiri pa miyezi yowerengeka ndi phazi. Nthawi yamvula mumavala magambutsi, ndipo mu gambutsi simumva kuti zala zatsamira pa pedulo. M'njira yoterera munthu amaika phazi pamenepo mosadziwa, poopa kugwa. Kutsamira pang'ono kokha n'kokwanira kuti mashu azikhudza dilamu ulendo wonse, kuchoka pa boma mpaka kumudzi kumene mukupita. Simumva njinga ikulemera kwenikweni, mwina mungoona kuti petulo akutha msanga, koma mkatimo mukutentha. Yesani izi: dilamu itazizira, yendani makilomita awiri pamalo athyathyathya monga mumayendera masiku onse, imani ndi buleki yakutsogolo yokha, n'kugwira habu yakumbuyo mosamala ndi kuseri kwa dzanja. Iyenera kukhala yozizira kapena yofunda pang'ono. Ikatentha, bwerezaninso ulendo womwewo mutaika dala zala za phazi kunja kwa pedulo. Ikazizira ulendo wachiwiriwu, wolakwa ndi phazi. Ikatenthabe, buleki ikudzigwira yokha. Pedulo iyenera kukhala motsikirapo pang'ono poyerekeza ndi chopondapo phazi, ndipo pali kabawuti kosinthira msinkhu wake. Njinga imene inagwerapo kudzanja lamanja kapena inagunda chitsa nthawi zambiri imakhala ndi pedulo yopindikira m'mwamba, mwini wake n'kuzolowera osazindikira.

Buleki yodzigwira yokha imayambira malo angapo, koma amene anthu amawaiwala ndi tcheni. Mukakunga tcheni, wilo limabwerera m'mbuyo pamodzi ndi mbale ya buleki, ndiye ndodo ija imakokeka ngati kuti wina wamanga nati. Munthu amapita kukakungitsa tcheni n'kubwerako ndi buleki yogwira theka. Lamulo ndi lakuti tcheni choyamba, buleki pambuyo, nthawi zonse. Kunsonga kwa pedulo kuyenera kuyenda mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanayambe kugwira. Ambiri amaikunga kuti izigwira ukangoikhudza, poganiza kuti ndiyo buleki yamphamvu. Imeneyo ndi buleki yodya mashu. Yesaninso mpatawo mutakhala pa njinga ndi katundu amene mumanyamula, chifukwa njinga ikatitimira ndi kulemera ndodo ikhoza kukokeka pang'ono. Malo ena ndi shafuti ya kamu yochita dzimbiri, pamene pedulo imazungulira patadzaza matope, ndi sipuling'i yobweza pedulo yotopa.

Palinso mayendetsedwe. Ambiri tinauzidwa pophunzira kuti pafumbi buleki yakutsogolo ndi yogwetsa, ndiye dzanja lamanja limangodziwa kupereka moto basi. N'zoona kuti mukaitswinya modzidzimutsa pakona kapena pamatope oterera mugwa. Koma njinga ikamaima kulemera kumathamangira kutsogolo, wilo lakumbuyo limapepuka, ndipo mphamvu yaikulu yoimitsira ili kutsogoloko. Njinga ili chiwongokere, ikokeni pang'onopang'ono ndi zala ziwiri pamodzi ndi yakumbuyo. Potsika phiri lalitali lowetsani giya yoyamba kapena yachiwiri, siyani kilatchi, injini igwire njinga. Amene amatsika msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, wa makona akuthwa pafupifupi 20, ataponda buleki yakumbuyo yokha, amafika kunyanja pedulo ikupita pansi. Dilamu ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi mashu, ndipo nkhope ya mashu imapsa n'kukhala yonyezimira ndi yolimba. Shu yotereyi imalira ndipo sigwira bwino ngakhale ikhale yokhuthala.

Tiyeni titsegule. Imikani njinga pa chipika wilo lakumbuyo lili m'malere. Masulani nati ya ndodo, ndipo kasipuling'i ndi kachitsulo kobulungira kamene ndodo imadutsamo muziike m'thumba, chifukwa zimasowa m'fumbi. Pozula ekiselo yalani tizitsulo totalikitsa pansi motsatana ndi mmene tatulukira. Mukasolola mbale ya buleki, ndikhulupirira kuti mupeza phala lofiira la katondo litauma m'makona, masipuling'i ali ndi dzimbiri, ndi fumbi lakuda pansi pa dilamu. Fumbilo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Mashu ena, makamaka akale ndi otchipa osadziwika kochokera, amakhala ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo. Pukutani ndi kansanza konyowa n'kukataya.

Yesani kukhuthala kwa chikopa cha shu, chomatidwa pamwamba pake chimene chimakhudza dilamu, pamene chapyapyala kwambiri, osati pakati pokha. Chatsopano chimakhala cha mamilimita pafupifupi 4, ndipo chikafika pa 2 chatha ntchito. Ngati mulibe choyesera, kamtengo ka machesi n'kokhuthala pafupifupi mamilimita awiriwo. Musadabwe kuona shu imodzi itatha kuposa inzake: imodzi imakokedwera kukhoma ndi kuzungulira kwa dilamu, ndiye imagwira ntchito yambiri. Sinthani zonse ziwiri. Kenako pisani chikhadabo m'mphepete, pamene chikopa chinamatidwa ku shu. Madzi akamalowa kawirikawiri, aluminiyamu wa shu amachita zoyera pansi pa guluu ndipo chikopa chimayamba kumatuka. Chikamatukiratu chimapanikizika pakati pa shu inayo ndi dilamu, wilo n'kuuma osaponda n'komwe buleki. Shu yoyamba kumatuka ndi yotaya, kaya ikuoneka yatsopano bwanji. Yonyowa ndi girizi kapena oyilo nayonso ndi yotaya. Zoithira petulo n'kuiyatsa zija zimangoumitsa pamwamba, mafuta ali mkati amatulukanso ikatentha, ndipo motowo umafoola guluu. Funani kumene mafutawo achokera, kawirikawiri ndi silo, kalabala kotchinga mafuta, ya bering'i ya wilo.

Dilamu ndi imene ndikufuna muiyang'anitsitse, chifukwa mashu anu ndi a posachedwa koma nati yafika kale kumapeto. Yendetsani chala mkati mwake. Mukamva mizere yakuya, kapena kamlomo kotukuka m'mphepete pamene mashu safika, dilamu yadyeka. Madilamu ambiri a njinga za msinkhu umenewu ndi a mamilimita 110 kapena 130 mkati, ndipo malire ake amangoposa pamenepo ndi milimita imodzi: 111 kapena 131. Nambala yeniyeni ya njinga yanu ili m'buku lake, ndipo pa njinga zambiri inalembedwa m'dilamu momwemo. Milimita imodzi ikuoneka yochepa, koma kwa kamu ndi ulendo wautali. Dilamu yopyola malire imapangitsa kuti shu yatsopano iyambe ntchito nati ili kale pakati pa ndodo, ndipo mizere yake imadya shu iliyonse imene mungaikemo. Zikatero mankhwala ndi habu ina, kumangitsanso masipoko. Ndi ndalama, koma poti njingayo ndi ya kuntchito, lembani m'buku la njinga ndipo auzeni oyang'anira zamayendedwe. Kugula mashu mwezi ndi mwezi kudzaposa mtengo wa habu. Ngati dilamu ili m'malire, ingoipalani mopepuka ndi sandipepa kuchotsa dzimbiri ndi kunyezimira.

Za mashu achinyengo, alipo ndithu, ndipo ena amabwera m'bokosi lolembedwa dzina la kampani yodziwika. Ena ndi ofewa moti amasanduka fumbi, ena ndi ang'ono kwa dilamu ndipo amangokhudza pakati pokha. Musanamange, ikani shu m'dilamu ndi dzanja muone ngati yagona bwino kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Njira ina ndi kupaka choko pa chikopa, kumanga, kuzunguza wilo mukuponda pang'ono, n'kutsegulanso: pamene choko chafufutika ndi pamene pakugwira. Komabe sindingathamangire kuimba mlandu wogulitsa musanayese za phazi ndi za dilamu zija. Shu yeniyeni yochokera kufakitale, mukaiika m'dilamu ya mizere yodzaza mchenga pansi pa gambutsi lotsamira, nayonso ipita.

Pomanga, zulani shafuti ya kamu, ipukuteni mpaka iwale, ipakeni girizi wochepa kwambiri, ndi kadontho kena pamene mashu atsamira. Girizi akachuluka amasungunuka n'kuyenderera pa chikopa. Masipuling'i a dzimbiri kapena otanuka sinthani pamodzi ndi mashu, ndi otchipa. Kolowekani masipuling'i ku mashu ali pansi, apindeni ngati chilembo cha V, n'kuwakhazika pa kamu ndi pa kachitsulo kosasuntha kaja. Nsonga za chikopa zikakhala zakuthwa zisongoleni pang'ono ndi fayilo, zimachepetsa kulira ndi kuluma. Kamkono kabwerere pa timadontho take. Ndiye pali kanthu kamodzi kamene amakanika ambiri amakadumpha: musanamangitse nati ya ekiselo, zunguzani wilo, wina aponde pedulo mwamphamvu n'kuigwira chomwecho, inu mumange. Izi zimakhazika mbale pakati penipeni pa dilamu kuti mashu onse awiri azigwira limodzi. Ngati njinga yanu ili ndi chitsulo chogwira mbale kuti isazungulire ndi wilo, mabawuti ake amangike ndipo mapini ake akhalepo. Malizani ndi tcheni, mpata wa pedulo, ndi switchi ya getsi la buleki. Getsilo likamayaka lokha mukakhala pa njinga, likukuululirani za phazi lija. Masiku oyamba pondani mofatsa kangapo kuti mashu azolowere dilamu. Nthawi yamvula, kwa munthu wowoloka mitsinje ngati inu, ine ndingatsegule dilamu kamodzi pamwezi kungochotsa dothi. Ndi ntchito yosakwana ola limodzi.

Kwa mng'ono wanu nkhani ya matope, phazi ndi mapiri ndi yomweyo, kungoti disiki ili poyera: imauma msanga ikanyowa, koma imalandira dothi tsiku lonse. Choyamba afunse mtundu wa mapadi amene akugula. Ofewa aja, opangidwa ndi ulusi ndi utomoni, salira ndipo sadya disiki, koma m'matope a mchenga akhoza kutha modabwitsa. Achitsulo, ooneka ngati kopa, amapirira madzi ndi dothi, ngakhale amadya disiki mofulumirirapo. Nthawi yamvula ine ndingasankhe achitsulowo. Padi ikatsala pafupifupi milimita imodzi, kapena kamzere kosonyeza kutha kakafika, asinthe. Akadikira kumva chitsulo chikukukuta, disiki yapita nayo limodzi. Pa disiki palembedwa MIN TH ndi nambala, ndiko kupyapyala kumene siyenera kupyola, ndipo disiki ya mizere imamaliza mapadi atsopano monga imachitira dilamu yanu.

Ayang'ane mmene mapadi akale athera. Imodzi ikatha inzake ikadali yokhuthala, kalipa, chitsulo chogwira mapadi n'kuwapanikiza pa disiki, sikutsetsereka pa mapini ake. Awazule, awapukute, awapake girizi wa silikoni, osati girizi wamba amene amatupitsa labala. Pini imene mapadi amapachikikapo ikadyeka n'kuchita timakwerero, mapadi amakodwa osabwerera, ndipo pini yotero ndi yosintha. Asanakankhire pisitoni mkati kuti mapadi atsopano alowe, aitsuke kaye ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, apo ayi dothi lonse alilowetsa ku silo. Agwedezenso wilo uku ndi uku: mabering'i akatha disiki imavina, n'kumakankha mapadi. Popopera tcheni mafuta aphimbe disiki ndi katoni.

Pedulo ya disiki nayo imafuna kampata isanayambe kukankha pampu ya mafuta a buleki. Ikakungidwa mopyola, kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo kamatsekeka, mafuta akatentha amasowa kothawira, ndipo buleki imadzigwira yokha mpaka disiki kusintha mtundu. Mafuta ake ndi DOT 4, monga palembedwera pa chivindikiro, ndipo asasakanize ndi DOT 5, amene ndi a silikoni. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi malire amatsikira cha ku 155, ndiye pa phiri lalitali amawira, pedulo n'kupita pansi popanda kugwira. Asinthe zaka ziwiri zilizonse, kapena msanga akada. Mafuta akatsika m'kabotolo popanda kudontha penapake, asathamangire kuwonjezera, ayang'ane kaye mapadi, chifukwa akamatha mafuta amatsika nawo. Akadzaza kabotolo mapadi ali otha, podzaika atsopano mafuta adzasefukira, ndipo amasupula penti.

Muuzeninso kuti akamanga mapadi atsopano apope pedulo kangapo njinga ili chiimire mpaka ilimbe, chifukwa pisitoni imakhala ili mkati ndipo kuponda koyamba sikugwira chilichonse.